Kalata kwa mwana wanga pa mtsutso wa nyumba inagwa ku New York

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi adzukulu. Ife kuno tili bwino.

Mlongo wako wandiuza kuti iwe ndi alamu ako mwafika posalankhulana chifukwa cha nyumba ya nambala 7 ya World Trade Center, imene inagwa pa 11 September 2001, ndipo akuti iwe ukuumirira kuti inachita kugwetsedwa ndi mabomba otcheredwa kale. Kanema wa kugwa kwa nyumbayo amene unanditumizira uja ndamuonera mofatsa, ndipo ndaona kuti ndikuyankhe m'kalata, chifukwa pafoni anthu amadulana mawu.

Sindikukutenga ngati wopanda nzeru chifukwa chofunsa. Nyumbayi inali ya nsanjika 47, ndege sinaiwombe, koma nthawi ya 5:20 madzulo inatsika yonse. Ngakhale bungwe la boma la America lotchedwa NIST, mu lipoti lake lomaliza la November 2008, linavomera kuti kwa masekondi 2.25 khoma lakunja linagwa popanda cholitchinga. Komanso boma lomwelo linapita kunkhondo ku Iraq mu 2003 ponena za zida zoopsa zimene sizinapezeke, choncho kulikayikira si mlandu. Koma kugwidwa bodza pa nkhani ya Iraq si umboni woti m'nyumbamo munali mabomba.

Pa za chitsulo undimvere ndithu, poti ndakalambira pa ntchito yowotcherera. Ukunena kuti moto wotero sungasungunule chitsulo, ndipo n'zoona, pakuti chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. Koma nyumba siidikira kuti chitsulo chisanduke madzi. Chikafika madigiri 600 chimakhala chitataya pafupifupi theka la mphamvu zake. Unkandiona ukadali mwana ndikupinda ndekha chitsulo chofiira psu, chimene chikazizira amuna awiri sangachikhotetse. Ndiponso chitsulo chikatentha chimatalika, n'kumakankha chilichonse chimene chalumikizidwa nacho.

Nsanja ya kumpoto, imodzi mwa nsanja ziwiri zazitali za World Trade Center zimene ndege zinawomba tsikulo, itagwa nthawi ya 10:28 m'mawa, zidutswa zake zinaboola nyumba ya nambala 7 ndi kuyatsa moto m'nsanjika zingapo. Mapaipi akuluakulu a madzi anali ataphulika, kotero zopopera madzi za m'nsanjika zam'munsi sizinagwire ntchito, ndipo ozimitsa moto, amene tsikulo anataya anzawo 343, anaisiya nyumbayo poti munalibenso anthu. Motowo unanyeketsa mipando ndi mapepala kwa maola pafupifupi asanu ndi awiri. A NIST anapeza kuti zitsulo zonyamula nsanjika ya 13 zitatalika zinakankha mtanda waukulu mpaka kuuchotsa pamene unakhazikika pa mzati wa nambala 79, nsanjika zingapo zinagwerana, mzatiwo unatsala wopanda chougwira m'mbali ndipo unapindika. Ukafune kanema wathunthu, udzaona kanyumba ka padenga, cha kum'mawa, kakumira masekondi angapo khoma lisanayambe kutsika. Kanema wako uja akuyambira pamene kanyumbako katapita kale. M'kati munali mutagwa, ndiye chikanalitchinga khomalo n'chiyani?

Zoti wailesi ya BBC inalengeza za kugwako nyumbayo ikadaima zinachitikadi. Koma ozimitsa moto anali ataona khoma litatupa, anachotsa anthu pamalopo masana omwewo, ndipo mbiri yoti igwa inali itafala. Kodi anthu okonza chiwembu chotere angayambe auza atolankhani? Lingaliranso za mabombawo. Ogwetsa nyumba amatha masabata akuboola makoma ndi kuyala mawaya, ndipo NIST inawerengera kuti bomba lodula mzati umodzi wokhawo likanamveka mogonthetsa m'khutu pa mtunda wa theka la mailo. Makamera amene anali pafupi sanajambule phokoso lotero, ndipo sindikuona mmene mawayawo akanapulumukira moto wa masana onse.

Ndikudziwa kuti udzatchula kafukufuku wa Leroy Hulsey wa ku University of Alaska Fairbanks, wa mu 2020, amene anakana kuti moto ndiwo unagwetsa nyumbayi. Umuwerenge, koma udziwe kuti ndalama zake zinachokera ku gulu limene linali litakhulupirira kale za mabomba, choncho umuyeze ndi muyeso womwewo umene ukuyezera boma. Ukumbukirenso nyumba ya Plasco ya ku Tehran, ya nsanjika 17, imene inagwa ndi moto mu January 2017.

Chimene chandipweteka mtima kwenikweni ndi katsutsidwe kako. Ndamva kuti alamu ako akakuyankha za chitsulo umalumphira ku BBC, akakuyankha za BBC umalumphira ku Iraq, ndipo pomaliza umawanena kuti ndi ogona tulo. Munthu wofuna choonadi amakhala pa mfundo imodzi mpaka ithe, ndipo ikamugonjetsa amavomera asanatenge ina. Udzifunse wekha kuti ndi umboni wotani umene ungakusinthe maganizo, chifukwa ngati palibe, ndiye kuti sukufufuzanso kanthu. Tsiku limenelo anaphedwa anthu 2,977, ndipo ukamati ndi chiwembu cha m'kati ukuneneza anthu amoyo, pamodzi ndi mainjiniya amene anafufuza, kuti anapha kapena kubisa akupha. Mawu otero safuna kupupuluma.

Upite kwa alamu ako mwezi usanathe, ukapepese pa mawu achipongwe aja, ndipo mukaonere limodzi kanema wathunthuyo kuyambira pamene kanyumba ka padenga kakumira. Ukatero undilembere zimene waona, ngakhale zitakhala zotsutsana ndi zanga. Mayi ako akupereka moni kwa nonse.

Ndine bambo ako.