Mipikisano ya dziko lonse ya mabandi a sukulu inayamba ndi amalonda

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa mabandi oguba a ana a sekondale ku America, amene anthu akugawana makanema awo pa Facebook.

Ambiri akuganiza kuti aphunzitsi ndiwo anayambitsa mipikisano ya dziko lonse ya mabandi a sukulu. Ayi ndithu. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitika mu 1923 ku Chicago, ndipo anaika ndalama ndi eni mafakitale a malipenga, pofuna msika wa katundu wawo. Anapambana ndi ana a ku Fostoria, m'chigawo cha Ohio. Kenaka sukulu ya ku Joliet, m'chigawo cha Illinois, inatenga chikho zaka zitatu zotsatizana, 1926 mpaka 1928.

Zimene tikuonazi, ana mazanamazana atavala yunifolomu akupanga mizere yokhotakhota pabwalo la mpira uku akuomba malipenga, zinakula pambuyo pake. Bungwe la Bands of America linachititsa mpikisano wake woyamba mu 1976 ku Whitewater, Wisconsin. Lero umachitikira ku Indianapolis mwezi wa Novembala.

Ine sindiwanyoza amalondawo. Lipenga ndi lodula, ndipo mwana sangaphunzire kuliza chinthu chimene sanachigwirepo.

Wowerenga wanu,
Zomba