Kunyanja kumacha 5 koloko, eni malojiwa azidzuka msanga

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yanuyi ndinenepo za nthawi ndi alendo obwera kunyanja kwathu kumpoto kuno. Ine ndimapita ku Mbeya m'dziko la Tanzania kukaoda katundu ndiye boda ya Songwe ndaiwoloka kambirimbiri, ukangoponda Kasumulu wotchi umaisuntha ola limodzi kutsogolo, kwathu ikamati 8 koloko kwa anzathu aja ndi 9. Komanso pa Chiswahili maola amayamba kuwerenga mmawa, kondakitala akati basi inyamuka saa moja akunena 7 koloko yakwawo, yomwe kwathu ndi 6. Ambiri basi imawasiya pa Kyela chifukwa cha zomwezi, ine inandisiyapo ulendo wanga woyamba.

Koma chomwe chandilembetsa kalatayi ndi china. Mu Novembala ndinakagona ku Matema ku Tanzania komweko, kumutu kwenikweni kwa nyanja, pomwe mapiri a Livingstone amachita kutsetserekera m'madzi. Kumeneko hafu pasiti 6 madzulo kunali kukadawala, alendo akusambabe, azimayi akuotcha nsomba pamchenga malonda akuyenda. Dzuwa ndi lomwelo nyanja ndi yomweyo, Karonga si patali, koma pa wotchi yathu isanakwane 6 dzuwa lalowa kale, ndiye pa Chitimba mpovuta zedi chifukwa phiri la Khondowe lili chakumadzulo, mthunzi umagwa pagombe msangamsanga.

Ena amati basi tingosintha nthawi tifanane ndi Tanzania. Ine ayi. Wotchi yathu ndi imodzi ndi Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, malole athu amayenda njira ya Beira ndi Nacala, abale athu ali ku Joni, tisadzisokoneze.

Chomwe tili nacho ife ndi mmawa. Gombe lathu la Chitimba, Chilumba, Usisya, Nkhata Bay mpaka Chintheche layang'ana kum'mawa, nyengo yotenthayi 5 koloko kumakhala kwayera, dzuwa likutulukira tsidya lija madzi onse psuu, asodzi omwe anachezera ndi nyali usiku wonse akukocheza mabwato ndi usipa, nthawi zina patali tizilombo touluka tija timati nkhungu tikukwera ngati utsi pamwamba pa madzi. Mzungu amalipira ndege kuchoka kutali kuti adzaone zimenezi, ngakhale mwana wa ku Lilongwe amene sanaonepo nyanja amangoti kakasi. Nanga ife tikutani? Pa loji ina yomwe ndinagona ndi banja langa geti lopita kugombe linali lokhoma mpaka mlonda atapeza makiyi, tiyi anati hafu pasiti 7, wa bwato anafika 9 koloko dzuwa litaswa kale mtengo ana atatopa ndi kudikira. Zinandiwawa kwambiri chifukwa maola atatu abwino kuposa onse a tsikulo anangopita padera, ndipo ndalama tinalipira yonse.

Chimodzimodzi wokwera ku Livingstonia wapansi kudzera msewu wa Gorodi wamakhotamakhota uja, amayenera kunyamuka mbandakucha kuti kutentha kukamayamba akhale atafika ku mathithi a Manchewe, akaone mishoni yomwe Robert Laws anakhazikitsa mu 1894 ndi nyanja ili pansi apo. Anyamata operekeza alendo alipo ndipo amadzuka, vuto ndi khitchini yomwe simapereka ngakhale kapu ya tiyi ndi mbatata nthawi imeneyo.

Pempho langa kwa eni maloji, ikani wophika mmodzi ayambe hafu pasiti 4 aziweruka masana, geti litsegulidwe kusanache, ndipo mlendo muzimuuza pofika kuti mawa dzuwa lituluka nthawi yakuti. A zokopa alendo nawonso aike chikwangwani chachikulu pa Songwe, m'Chichewa, Chiswahili ndi Chingerezi, chouza wolowa m'dziko muno kuti abweze wotchi ola limodzi komanso kuti kuno kumada msanga, asanyamuke pa Karonga 4 koloko madzulo akuganiza kuti akwera Gorodi kukuwala.

Wowerenga wanu,
Mzuzu