Kupalasa njinga m'Juni ku Harare: vuto lalikulu ndi mdima, chisanu n'chachiwiri

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi abale athu a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Epworth amene amapalasa njinga pofuna kulimbitsa thupi kapena pokonzekera mipikisano. Chaka chilichonse Juni akamayandikira funso limakhala lomwelo: kodi tigule trainer, chitsulo chija chomangirirapo njinga n'kumapalasa uli pakhomo, kapena tilimbe mtima tizipitabe kumsewu? Ife amene timakonza njinga ndi kuphunzitsa achinyamata kupalasa tikuona kuti ambiri akuyankha funsoli potengera malangizo a ku Ulaya, kumene misewu imaundana kwa miyezi yathunthu. Kuno zinthu sizili choncho, ndipo zimatipweteka kuona mnyamata akuika njinga pakona mpaka Seputembala, kapena kuwononga ndalama zambiri pa chida chimene sakuchifunikira.

Harare ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. M'Juni ndi Julayi mbandakucha kumazizira mpaka madigiri 7 kapena kutsikirapo, ndipo m'madambo a m'mphepete mwa mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba udzu nthawi zina umayera ndi chisanu. Koma ikamakwana 10 koloko juzi layamba kale kulemera, ndipo masana kumafika madigiri 21 kapena 22, kumwamba kuli mbee, mvula kulibe. Kupatula masiku ochepa a mitambo ndi mphepo yozizira, ofanana ndi chiperoni cha kwathu, imeneyi ndi nyengo yabwino yopalasira kuposa Okutobala wotentha kapena Januwale wa matope. Chimene chimasowa ndi kuwala. Dzuwa limatuluka cha m'ma 6:30 n'kulowa cha m'ma 5:30 madzulo, kotero munthu wolowa ntchito 8 koloko n'kuweruka 5 koloko amatsala ndi nthawi ya mdima yokhayokha. Trainer imathetsa vuto limeneli, ndipo iyenera kugulidwa pa chifukwa chimenechi.

Kwa amene akutulukabe m'mawa, dziwani kuti chimene chimaluma ndi mphepo imene mukudzipangira nokha ndi liwiro. Kunja kukakhala madigiri 5 inu n'kumathamanga makilomita 30 pa ola, khungu limamva ngati kuli madigiri 0. N'chifukwa chake juzi lochindikala la ulusi silithandiza kwenikweni, mphepo imadutsa m'mipata yake. Valani zovala zitatu zopepuka: cham'kati chosasunga thukuta, chapakati chofunda, ndi chakunja chotchinga mphepo chokhala ndi zipi kuti muzitsegula pokwera chitunda n'kutseka potsika. Malaya a thonje asakhale cham'kati, chifukwa akanyowa sauma msanga, ndipo potsetsereka amakuziziritsani koposa. Amene alibe chakunja chija aike mapepala awiri kapena atatu a nyuzipepala pachifuwa, m'kati mwa malaya, n'kuwachotsa dzuwa likakwera. Opikisana a ku Ulaya akhala akuchita zimenezi kuyambira kale potsika mapiri. Mawondo afundidwe nthawi zonse kukazizira kuposa madigiri 15. Magolovesi akhale a zala zonse, chifukwa chala chochita dzanzi chimachedwa kugwira buleki, ndipo makutu atchingidwe ndi kansalu kopyapyala pansi pa chipewa cholimba chija. Ngati mukumva kutentha bwinobwino musananyamuke pakhomo, ndiye kuti mwavala mopitirira, mphindi 10 zoyambirira muyenera kumvako kazizi pang'ono.

Nkhani ya nyali isakhale yonyengerera. Yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, zonse zotchajidwa usiku, kuphatikizapo nsalu yonyezimira pa akakolo, chifukwa dalaivala amazindikira msanga chinthu chowala chimene chikukwera ndi kutsika. Nyali yakutsogolo iunike mamita 15 kapena 20, apo ayi dzenje mulionera pamene tayala lalowamo kale, chubu n'kutsinidwa ndi limu malo awiri. Pali ngozi ina imene ambiri saiganizira. Wochokera kumadzulo, monga ku Mufakose, Kuwadzana ndi Dzivarasekwa, akamalowera m'tauni dzuwa likungotuluka, amakhala akuyang'anizana nalo, ndipo woyendetsa kombi (minibasi) amene ali kumbuyo kwake nayenso lamuthobwa m'maso, galasi lake lili ndi nthunzi ndi fumbi. Pobwerera madzulo zimachitikanso chimodzimodzi. Pa theka la ola limenelo musadalire kuti akuonani. Wa ku Mabvuku ndi Tafara dzuwa limakhala kumsana maulendo onse awiri, koma achenjere ndi magalimoto okumana nawo amene akukhota modutsa kutsogolo kwake.

M'mawa wozizira mpweya sukwera, umakhazikika m'malo otsika pamodzi ndi utsi wa nkhuni, wa zinyalala zotenthedwa ndi wa magalimoto, ndipo kuyambira Julayi moto wa m'tchire umawonjezerapo. Wopalasa mwamphamvu amakoka mpweya wochuluka kangapo kuposa woyenda pansi, choncho amene ali ndi chifuwa cha mphumu adikire dzuwa likwere utsi ubalalike. Fumbi nalonso limadya tcheni. Oyilo wa injini ya galimoto amakoka mchenga n'kusanduka phala lopala mano a magiya. Pukutani tcheni ndi kansanza mukangofika, thirani mafuta opepuka dontho limodzi pa mfundo iliyonse, dikirani mphindi zingapo, kenako pukutaninso mpaka kunja kuume. Pa tcheni chatsopano, kuchokera pa pini imodzi kufika pa ina yotalikirana mainchi 12 muyeso umakwana ndendende. Ukapitirira ndi mamilimita 1.5 kapena 2, sinthani tcheni chisanawononge magiya, omwe ndi okwera mtengo.

Tsopano za m'nyumba. Cholakwika chachikulu n'kuganiza kuti poti ndi Juni ndiye titseke mazenera. Thupi la munthu limasandutsa gawo limodzi lokha mwa magawo 4 kapena 5 a mphamvu zake kukhala ntchito yopalasa, zotsalazo zimatuluka ngati kutentha. Munthu wopondereza mawati 200 pa mapedulo akutulutsa kutentha kwa mawati 600 mpaka 800, kofanana ndi hita yaing'ono. Pamsewu mphepo imachotsa kutentha kumeneku, pamene m'chipinda kumakuzungulirani. Magazi ambiri amathamangira kukhungu, mtima umagunda mofulumira pa ntchito yomweyo, ndipo pakatha mphindi 20 miyendo yafooka. Munthu amayamba kudziona ngati wopanda mphamvu pamene vuto ndi kutenthedwa chabe. Ikani fani patsogolo, mita imodzi kuchokera pa handulo, yolunjika pachifuwa ndi pankhope, muiyatse mukatha mphindi 5 zoyambirira. Poti magetsi kuno amathimathima, malo abwino koposa ndi pakhonde kapena pabwalo, pamene mphepo ya Juni ikugwirirani ntchito ya fani mwaulere.

Tikuchonderera makolo pa mfundo iyi: mwana asapalase m'chipinda chimene muli mbaula yamakala, kapena pafupi ndi jenereta yoyaka. Mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, umene umatuluka mu zinthu zimenezi, sununkha ndipo suoneka, ndipo wopuma mwamphamvu amaumeza mofulumira kuposa wongokhala. Mutu ukayamba kupweteka kapena chizungulire chikabwera, atuluke panja nthawi yomweyo.

Thukuta la pa trainer limatha kufika lita imodzi pa ola kapena kuposerapo. Kuti mudziwe lanu, dziyezeni pa sikelo musanayambe ndi mukamaliza, kilogalamu imodzi yotayika ndi lita imodzi ya madzi, kuwonjezerapo amene mwamwa. Ambiri zimawakwanira kumwa mamililita 500 mpaka 750 pa ola. Pa lita imodzi ya madzi mutha kuthiramo masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Thukuta lomwelo ndi mdani wa njinga, chifukwa limadontha molunjika pa khosi lake. Mchere umalowa mu ma bearing a chiwongolero, umachititsa dzimbiri mabawuti a handulo, ndipo umadya handulo ya aluminiyamu pansi pa tepi pamene maso saona. Handulo yotere imatha kuthyoka tsiku limene mwabwerera kumsewu ndi kugunda dzenje. Yalani thaulo pa handulo ndi pa mtanda wapamwamba, pukutani njinga ndi kansanza konyowa mukamaliza, ndipo nyengo yozizira ikatha masulani tepi muone chitsulocho.

Pa mitundu ya trainer, yotsika mtengo ndi ija imene tayala lakumbuyo limatsamira pa kagudumu kachitsulo, kolimbitsidwa ndi maginito kapena mafuta. Siifuna magetsi ngakhale intaneti, ndipo kwa ambiri a ife ndi yokwanira. Kamtengo kachitsulo kodutsa pakati pa wilo lakumbuyo kasinthidwe n'kuikapo kamene kanabwera ndi trainer, chifukwa mitu ya pulasitiki kapena ya aluminiyamu siikhala bwino m'zogwirira ndipo njinga imatha kupulumuka. Tayala lipopedwe mofanana tsiku lililonse, la njinga yothamangira pafupifupi 100 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) ngati zolembedwa m'mbali mwake zikulola. Pititsani kagudumu mpaka kakhudze tayala, kenako zungulizani chomangira kawiri. Yesani pogwira wilo ndi dzanja n'kulikoka mwadzidzidzi. Likalira kapena kuterereka, onjezerani pang'ono, chifukwa tayala loterereka limatentha n'kumwaza zinyenyeswa zakuda, pamene lofinyidwa mopitirira limatha msanga pakati. Mukamaliza masulani chomangiracho. Gwiritsani ntchito tayala lakale losalala, la zigoba la njinga ya m'mapiri limachita phokoso lodzutsa nyumba yonse ya lendi. Wilo lakutsogolo likwezedwe ndi thabwa la masentimita 4 kapena 5 kuti njinga ikhale yowongoka, apo ayi thupi limatsetserekera ku handulo ndipo manja ndi mapewa zimapweteka.

Ma trainer a makampani a Wahoo, Tacx ndi Elite amene mumachotsa wilo lonse n'kulumikiza tcheni pa magiya ake ndi achete ndipo amayeza mawati molondola. Amalumikizana popanda waya ndi Zwift, pulogalamu ya pa intaneti yopalasira ndi kupikisana ndi ena uli pakhomo, ndipo UCI, bungwe loyendetsa masewera a njinga padziko lonse, linachititsa mpikisano woyamba wa dziko lonse wa mtundu umenewu pa Zwift m'Disembala 2020. Koma ambiri mwa iwo amafuna magetsi, ndipo Zwift imafuna intaneti yosadukaduka ndi ndalama zolipira mwezi ndi mwezi. Wopanda sola kapena inveta aganize kawiri. Kuti trainer imalimbitsadi munthu sitikukana. Mathew Hayman wa ku Australia anathyoka mkono kumapeto kwa Febuluwale 2016, anakonzekera pa trainer m'galaja ya kunyumba kwake, ndipo mu Epulo anapambana Paris-Roubaix, mpikisano wa ku France wodutsa m'misewu yoyalidwa miyala. Komabe tisaiwale kuti iyeyo anali atapalasa kale pa miyala ya mpikisano umenewo kwa zaka zoposa 10. Trainer inamusungira mphamvu, luso anali nalo kale. Mnyamata wongoyamba kumene sangaphunzire pakhonde kukhota pa mchenga, kugwira buleki yakutsogolo osagwa, kutsatira wilo la mnzake pafupi, kumwa madzi ndi dzanja limodzi, kapena kuyang'ana kumbuyo njinga osapotoka.

Ubwino wa trainer ndi woti palibe kupuma: kulibe maloboti, kulibe chitsetso, mwendo umazungulira mphindi iliyonse. Choncho mphindi 45 mpaka 60 n'zokwanira, ndipo zikhale za cholinga. Yambani ndi mphindi 10 zofewa. Kenako palasani mwamphamvu mphindi 4, mpaka kufika poti simungathe kunena chiganizo chathunthu, pumulani mukupalasa pang'onopang'ono mphindi 3, bwerezani maulendo 4, n'kumaliza ndi mphindi 10 zofewa. Tsiku lina chitani mphindi 15 kapena 20 kawiri, pa mphamvu yoti mutha kuyankha mawu ochepa okha, ndi mpumulo wa mphindi 5 pakati. Miyendo izungulire maulendo 85 mpaka 95 pa mphindi, zimene mungadziwe powerenga bondo limodzi likamakwera pa masekondi 15, lipezeke pakati pa 21 ndi 24. Giya yolemera yopondereza pang'onopang'ono ndi imene imapweteka mawondo. Imirirani pa mapedulo masekondi 20 pa mphindi 10 zilizonse, chifukwa njinga yomangidwa siigwedera ndipo chishalo chimakanikiza malo amodzi. Masiku awiri otere pa sabata, otalikirana monga Lachiwiri ndi Lachinayi, ndi okwanira. Amene amachita zolimba tsiku ndi tsiku amafika Ogasiti atatopa, tulo tosagoneka, chimfine chosatha. Ndipo amene ali ndi vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi aonane kaye ndi adokotala asanayambe zolimbazi.

Ulendo wautali ukhale wa kumsewu, Loweruka kapena Lamulungu, kunyamuka cha m'ma 8:30 kapena 9 koloko, maola 2 kapena 3 pa liwiro loti mutha kucheza ndi mnzanu. Misewu yolowera ku Domboshava ndi ku Mazowe ili ndi zitunda zophunzitsa miyendo, koma pitani pagulu, mondondozana kumanzere, wakutsogolo akuloza maenje ndi dzanja. Wa njinga ya m'mapiri ali ndi tinjira ta ku Mukuvisi Woodlands kopanda magalimoto. Mpweya wouma wa nyengo ino umabisa ludzu, choncho tengani mabotolo awiri ndipo muyambe kumwa musanamve ludzulo. Ola loyamba likatha idyani kanthu pa mphindi 30 kapena 40 zilizonse, nthochi imodzi kapena chidutswa cha mbatata yophika. Minga youma ndi yambiri m'mbali mwa misewu miyezi imeneyi, kotero chubu chapadera, zigamba, guluu ndi pampu zisatsale.

Kwa amene ndalama zake n'zochepa, dongosolo logulira likhale ili: chipewa cholimba ndi nyali ziwiri poyamba, kenako magolovesi ndi chovala chotchinga mphepo, trainer pomalizira. Ikakhala yogwiritsidwapo kale ntchito, izungulizeni ndi dzanja musanapereke ndalama, mumve ngati kagudumu sikakukhuluza, muone ngati mafuta sakudontha pansi pake, ndiponso ngati zogwirira wilo zikukwana pa njinga yanu, chifukwa njinga zambiri zatsopano za mabuleki a disc zimafuna cholumikizira chapadera.

Ndife,
Okonza njinga ndi ophunzitsa kupalasa,
Mufakose, Harare