Liwu loti "brilliant" silitanthauza nzeru zokha

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pang'ono za mmene liwu la Chingerezi loti "brilliant" likumasuliridwira m'Chichewa. Sabata yatha ndidamva pa wailesi ina wolengeza masewero akunena kuti mnyamata wina wamwetsa "chigoli chanzeru", ndipo ine, amene ndidaphunzitsa Chingerezi ku sekondale zaka zambiri, ndidadziwa pompo kuti wangotembenuza mawu a mzungu woulutsa mpirawo pa kanema. Chigolicho chidali cha mpira womenyedwa mwamphamvu kuchokera patali, goloboyi n'kungoima ngati chitsa, ndipo aliyense wa ife akadati n'chigoli chapamwamba kapena chaukatswiri.

Muzu wa liwuli ndi kuwala. Lidalowa m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 kuchokera ku Chifalansa, kumene "briller" ndi kunyezimira, ndipo Afalansawo adalitenga ku Chitaliyana. Mpaka lero osema miyala ya mtengo wapatali amatcha "brilliant" daimondi yosemedwa mozungulira n'kukhala ndi mbali 57 kapena 58, zomwe zimabweza kuwala kotero kuti mwalawo umathwanima ukautembenuza pang'ono. Kasemedwe kameneka adakawerengetsa bwino katswiri wina wa ku Belgium, Marcel Tolkowsky, m'chaka cha 1919. Choncho mukawerenga za dzuwa kapena nsalu yomwe ili "brilliant", nkhani ndi ya kuwala kothobwa m'maso, nzeru palibepo.

Akamanena za munthu, Angerezi amatanthauza uja mutu wake umagwira msanga mpaka kuposa anzake, monga mwana amene amamaliza samu mphunzitsi asanaike choko pansi. Apa m'pamene liwu lathu loti "wanzeru" limaperewera, chifukwa kwathu nzeru zimaphatikiza kufatsa, kuona patali ndi kudziwa polankhula. Agogo amene amaweruza mlandu wa malire a munda mpaka mbali zonse ziwiri kubwerera zokhutira ndi anzeru, koma Mngerezi angawatche "wise". Mwana wa samu uja ndi wakuthwa mutu, ndipo ndaphunzitsapo ambiri otere amene nzeru zenizeni adazipeza mochedwa kwambiri.

Ku Britain liwuli lidapepuka chifukwa cholitchulatchula. Mdzukulu wanga amene akugwira ntchito ya unamwino ku Manchester adandiimbira foni mwezi wake woyamba ali wosangalala, ati abwana ake amuyamikira kuti ndi wanzeru zedi. Nditafunsitsa, ndidapeza kuti adangopereka fomu yomwe adamutuma, ndipo abwanawo adati "brilliant" akuyang'anabe pa kompyuta, kutanthauza kuti zikomo, zili bwino. Wogulitsa m'sitolo amanenanso chimodzimodzi mukamupatsa ndalama zokwanira ndendende. Nthawi zina liwu lomweli limakhala lonyogodola: basi ikamusiya Mngerezi mvula ikugwa, amati "oh, brilliant", monga mmene mayi amauzira mwana amene waswa mbale kuti "wachita bwino". Ku America salitchula mwachisawawa chotere, amalisungira makamaka anthu akuthwa mutu ndi ntchito zawo.

Pempho langa kwa olemba nkhani anu ndi lakuti akakumana ndi liwuli ayambe aona amene walinena, kumene ali, ndi chinthu chimene akuchinena, asanasankhe pakati pa chonyezimira, chapamwamba, wakuthwa mutu, kapena zikomo chabe. Mawu onsewa tili nawo kale m'Chichewa, ndipo wolengeza mpira uja akadangosankha limodzi mwa iwo.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Zomba