Tipatseniko malo a rugby pa tsamba la masewero

A Mkonzi,

Ndiloleni ndipereke dandaulo langa kudzera m'nyuzipepala yathuyi. Ndine Mmalawi wokhala ku Johannesburg, ndimadya za kamera, ndipo mtima wanga wonse uli pa mpira wa rugby. Tsamba lanu la masewero ndimaliwerenga pa intaneti osaphonya. Za Flames zimakhalamo, za ma Queens zimakhalamo, za ligi ya ku England ndiye zosayamba. Koma pa 19 July 2025 anansi athu a ku Zimbabwe, timu ya Sables, anagonjetsa Namibia 30-28 ku Kampala n'kudzigulira malo ku mpikisano wa chikho cha dziko lonse wa 2027 ku Australia, ndipo sindinaonemo ngakhale mzere umodzi. Anthu amenewatu anapitako komaliza mu 1991. Ku Harare ndi ku Bulawayo kuli abale athu ambirimbiri olankhula Chichewa, ndipo nkhani imeneyi ndi yawo.

Ndikudziwa zimene ambiri kumudziko amanena, chifukwa ndi zimene amandiuza achibale ndikabwera pa Khirisimasi: ati ndi masewero a azungu, ati anthu amangogwetsana ngati ndewu. Ndikanakonda atakhala pamene ndimakhala ine. Ojambulafe amatikhazika kuseri kwa mzere wothera bwalo, titavala zibakuwa zotizindikiritsa, kamera ili pa ndodo chifukwa lens ya 400mm siinyamulika ndi manja kwa mphindi 80. Pamenepo scrum, kukankhana kwa magulu awiri polimbirana mpira, umaimva ndi makutu usanaione bwino. Amuna asanu ndi atatu mbali iyi, asanu ndi atatu mbali inayo, mapewa akakumana pamamveka phokoso loti dii, kenako kubuula. Usiku wa m'nyengo yozizira nthunzi imachita kufuka pamisana pawo, ndipo magetsi akaiwalira kumbuyo umapeza chithunzi choti munthu sangachipitirire. Ukayang'anitsitsa pa lens umaona kuti palibe ndewu. Aliyense wayika phazi pamalo pake, wagwira jezi ya mnzake pamalo pake, ndipo wina akangolakwitsa pang'ono onse asanu ndi atatu amabwerera chammbuyo.

Ntchito yathu ndi yongoyerekeza za kutsogolo. Mpira wa rugby suponyedwa kutsogolo ndi manja, umapita chammbali kapena chammbuyo, ndiye ukamalondola mpirawo ndi kamera umangojambula misana. Umayenera kudziwa amene aulandire asanaulandire. Liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, ndimaliyika pa 1/1000 ya sekondi kapena kuposa apo, apo ayi manja ndi mpira zimatuluka mbuu. Pa lineout, pamene mpira wotuluka m'mbali ukuponyedwanso m'bwalo, sindiyang'ana woponya, ndimadikira wodumpha amene anzake awiri amunyamule m'mwamba, chifukwa nkhope yake akamatambasula zala ndiyo nkhani yonse.

Pa 31 August 2024 ndinali ku Ellis Park, bwalo lolowa anthu oposa 60,000, pamene Springboks, timu ya dziko la South Africa, inkasewera ndi All Blacks ya New Zealand. Alendowo akuvina haka, gule wa mwambo amene amavina masewero asanayambe, ndege yaikulu ya chionetsero inadutsa pamwamba pa bwalo isanakwane nthawi yake, phokoso lake n'kuphimba mawu awo, ndipo akuluakulu a rugby kuno anapepesa pambuyo pake. Anachita bwino kupepesa, pakuti haka ndi mwambo wa eni ake, si chionetsero wamba. Masewero ali pafupi kutha South Africa inali kumbuyo 27-17. Kenako Kwagga Smith anagoletsa try, kutanthauza kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani, Grant Williams n'kubwera ndi ina, zinthu n'kutha 31-27. Bwalo lonse linanjenjemera, anthu akukumbatirana ndi anthu osawadziwa, koma ine ndinayenera kugwira mpweya kuti ndodo isagwedezeke. Kwa munthu wokonda timu yake palibe chovuta choposa chimenechi: kukhosi kukufuna kukuwa, chala chili pa batani. Ndinakuwa ndili m'galimoto, zithunzi nditatumiza kale.

Za azunguzo, n'zoona kuti kale zinali choncho. Pamene Nelson Mandela ankapereka chikho kwa Francois Pienaar, kaputeni wa Springboks, pa bwalo lomweli mu 1995, m'timu munali wosewera mmodzi yekha amene sanali mzungu, Chester Williams. Koma taonani lero. Siya Kolisi, mwana wa ku Zwide amene anakula movutika, anakhala kaputeni woyamba wachikuda wa Springboks mu 2018, ndipo wanyamula chikho cha dziko lonse kawiri, ku Yokohama mu 2019 atagonjetsa England 32-12, ndi ku Paris mu 2023 atapambana New Zealand 12-11. Makazole Mapimpi ndiye anagoletsa try yoyamba ya South Africa m'mbiri ya ndime zomaliza za mpikisanowu, mu 2019. Tendai Mtawarira, wobadwira ku Harare, anasewerera Springboks masewero 117, ndipo akangogwira mpira bwalo lonse linkayankha ndi mawu amodzi, dzina limene anam'patsa la Beast. Mwana wa ku Ndirande kapena wa ku Chipata ataona nkhope zimenezi pa tsamba lanu, sanganenenso kuti masewerowa si ake.

Ndipo mpira umenewu uli ndi malo a mwana aliyense. Uja wojintcha amene anzake amamusiya kunja akamasankhana pa mpira wamiyendo ndiye amafunika kutsogolo kwa scrum. Wamtali ngati mlongoti amadumpha pa lineout. Wamng'ono wothamanga, monga Cheslin Kolbe, amakhala kumapeto n'kumazemba zimphona. Zimandiwawa kuganiza kuti tili ndi ana otere m'masukulu athu amene sanaugwirepo mpira wa chowulungikawu chifukwa sanauonepo n'komwe.

Pempho langa ndi ili, a Mkonzi: kamodzi pa mwezi tipatseniko kachigawo ka rugby, ndi chithunzi chachikulu bwino osati kachidutswa ka pakona, pansi pake palembedwe dzina la wosewera ndi la wojambula. Pamasewero amene malamulo a eni mpikisano amalola, zithunzi zanga ndidzakutumizirani kwaulere pamodzi ndi mawu ofotokoza malamulo m'Chichewa. Tiyambe ndi kutsatira Sables pamene ikukonzekera ulendo wa ku Australia.

Ine wowerenga wanu,
Wojambula zithunzi,
Johannesburg