Kalata kwa makasitomala athu a foni zolankhula: tasintha kapangidwe ka apudeti

Okondedwa makasitomala athu,

Landirani moni kuchokera ku shopu yathu yokonza mafoni kuno ku Limbe, makamaka inu abambo, amayi ndi achinyamata osaona kapena oona movutikira amene foni zanu zimakuwerengerani zapasikirini. Kalatayi sitinaikemo chithunzi chilichonse kuti pulogalamu yowerenga zapasikirini, TalkBack ya pa Android kapena VoiceOver ya pa iPhone, iwerenge yonse bwinobwino, ndipo tiitumizanso pa WhatsApp ngati uthenga wamawu.

Kuyambira Lolemba likubwerali, foni yolankhula sitiziipanganso apudeti mwini wake palibe. Zoti siyani foni mudzatenge mawa zatha. Muzikhala pampando pafupi ndi wokonza kuyambira poyamba mpaka foni itabwerera m'manja mwanu. Ntchito zina monga kusintha batire, pochajira kapena sikirini yosweka, mutha kusiya foni ngati kale.

Munthu woona akalandira foni yopangidwa apudeti amangoponya maso, n'kuona kuti WhatsApp yasunthira pakona, basi waipeza. Inu foni munailoweza ndi zala ndi makutu. Apudeti ikasintha zinthu zimakhala ngati wina walowa m'nyumba mwanu n'kusuntha mipando yonse osakuuzani. Wokonza amaona sikirini ikuwala, netiweki ili bwino, n'kunena kuti ntchito yatha. Ife tikuti ntchito yatha pokhapokha mwini foni waimba yekha, wawerenga uthenga yekha, waona ndalama zake yekha.

Ena mukukumbukira za 2021. Foni za Samsung zitalandira apudeti yotchedwa One UI 3, ya Android 11, pulogalamu ya Voice Assistant imene ambiri anaizolowera inachoka ndipo m'malo mwake munalowa TalkBack. Chaka chomwecho TalkBack 9.1 inaphatikiza menyu ziwiri zakale kukhala imodzi, n'kubweretsa kagwiridwe ka zala zingapo, monga kugogoda kamodzi ndi zala zitatu kuti menyuyo itseguke. Wina anena kuti zimenezo ndi zakale. N'zoona, koma foni zambiri zimene timalandira ndi zogula kwa anthu, zina zotumizidwa ndi achibale ku Joni, ndipo zimakhala zitakhala zaka osapangidwa apudeti. Kusintha kwa zaka zingapo kumagwa tsiku limodzi patebulo lathu.

Pali nkhani ya mabatani atatu a m'munsi mwa sikirini aja, obwerera m'mbuyo, opita poyambira ndi oonetsa mapulogalamu otsegula. Kuyambira pa Android 10 foni imatha kuyenda popanda iwo, n'kumangokokera chala kuchokera pansi pa sikirini, ndipo TalkBack ikakhala yoyatsa muyenera kukokera ndi zala ziwiri. Ena izi amazikonda, ena sazifuna n'komwe. Tizikufunsani, ndipo tiziika zimene mwasankha inu.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu. Mauthenga athu a Chichewa foni imawerenga ndi mawu a Chingerezi, kuwapotoza momwe ikudziwira, ndipo khutu lanu linazolowera kapotozedwe ka mawu amene muli nawowo, paliwiro limene munaika. Ife oona tikamvetsera foni za ena mwa inu sitigwira ngakhale liwu limodzi, zimathamanga zedi. Apudeti ikabweretsa mawu ena, kapena ikabweza liwiro pachiyambi, uthenga wa mwana wanu umamveka ngati chilankhulo chachilendo. Nthawi zina mawuwo amafuna kuwatsitsanso pa intaneti, bando mulibe. Pa foni zina pulogalamu yosunga batire imayambanso kugonetsa mawu, foni n'kumakhala duu pakati pa chiganizo.

Ndiye tizichita chonchi. Tisanagwire chilichonse, tizilemba m'kope masetingi anu: mawu amene mumagwiritsa ntchito, liwiro lake, kagwiridwe ka zala kamene munasintha nokha, ndi njira yanu yachidule yoyatsira. Tiziona kuti manambala a anthu asungidwa ku akaunti yanu ya Google kapena iCloud, komanso kuti batire ili ndi moto wopitirira theka, chifukwa magetsi akazima apudeti ili pakati si zabwino. Intaneti tizigwiritsa ya pa shopu.

Foni ikazima n'kuyakanso m'pamene mukufunika kwambiri. Pakuyaka koyamba sivomera chidindo cha chala kapena nkhope, imafuna PIN. Nambala imeneyo ndi yanu, ndipo anyamata athu tawauza kuti asakufunseni. Bwerani ndi mahedifoni kuti muilowetse nokha, manambala akumveka m'makutu mwanu mokha. Amene munaika mawu ogula padera dziwani kuti ena mwa iwo sayankhula mpaka foni itatsegulidwa. Zikatero tizibwezera kaye mawu a Google tisanayambe.

Kenako mayeso, sikirini titaibisa kuti nafenso tisabere ndi maso. Muimbire foni ya pa shopu, muwerenge SMS, mutumize uthenga wamawu pa WhatsApp, kenako muimbe *211# ngati muli pa Airtel Money kapena *444# ngati muli pa Mpamba, muone balansi. Pomalizapa sitidzadumphapo. Menyu zimenezi sizidikira munthu. Mawu akachedwa kuwerenga mizere yonse, nthawi imatha musanasankhe nambala, ndipo mumayambiranso. N'kwabwino zimenezi zionekere pa shopu kusiyana ndi kwa ejenti, anthu ali pamzere kumbuyo kwanu, wina akuti bweretsani ndikupangireni.

Ntchitoyi tiziigwira Lachiwiri ndi Lachinayi, kuyambira 8 koloko mpaka 11 koloko m'mawa, wailesi ya pa shopu titazimitsa. Mtengo ndi womwe uja. Wokuperekezani ndi wolandiridwa, koma tiziyankhula ndi inu eni ake.

Tikudziwa kuti kwa ochokera kutali, ku Thyolo, ku Chiradzulu kapena ku Mulanje, tawonjezera mtolo, chifukwa kale munkangopatsira foni munthu wobwera ku tauni. Tiimbireni kaye pa nambala yathu ija musanakwere minibasi. Foni zina zinasiya kale kulandira apudeti, ndipo ulendowo ungakhale wongotaya ndalama.

Sitikunena kuti muzikana apudeti mpaka kalekale. Imatseka mipata imene akuba amalowera, ndipo mapulogalamu a banki amafika posiya kugwira ntchito pa foni yotsalira kwambiri. Kungoti ikalowa yalowa: kubwerera ku yakale kumafuna kufufuta zonse za m'foni, ndipo pa foni zambiri sikutheka n'komwe. Choncho musavomere apudeti usiku woti mawa muli ndi ulendo kapena mukudikira ndalama. Amene mukufuna tikuzimitsireni zoti foni izidzipanga yokha, tiuzeni.

Ikadzipanga yokha kunyumba n'kukhala chete, musathamangire kuganiza kuti yafa. Pa Android, dinikizani mabatani onse awiri a voliyumu kwa masekondi 3. Ngati njira imeneyi inaikidwa, TalkBack iyaka. Kukokera chala pansi kenako kumanja, osachichotsa pagalasi, kumatsegula menyu ya TalkBack. Pa iPhone dinani batani la m'mbali katatu msangamsanga ngati munaliika kuti liziyatsa VoiceOver, kapena muuzeni Siri ayatse. Yesaninso kugogoda kawiri ndi zala zitatu, chifukwa kagwiridwe kameneka kamazimitsa ndi kuyatsa mawu a VoiceOver, ndipo anthu ambiri amakachita mwangozi. Zikakanika zonsezi, bwerani tsiku lililonse osadikira Lachiwiri, ndipo simudzaima pamzere.

Ndife anu,
Eni shopu ndi anyamata onse okonza mafoni