Ku nyanja za pa K'gari sopo saloledwa

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Brisbane, ku Australia, kumene ndimagwira ntchito ya unamwino. Abale kumudzi amandifunsa kuti kuno timasambira kuti, poti Nyanja ya Malawi tinaisiya kutali. Ndiloleni ndiwayankhe kudzera m'nyuzipepala yanuyi.

M'chigawo chino cha Queensland muli K'gari, chilumba cha mchenga chachikulu kuposa china chilichonse padziko, chotalika pafupifupi makilomita 120. Dzina lakale la Fraser Island boma linalichotsa mu 2023. M'nyanja yamchere yochizungulira musayerekeze kulowamo, muli nsomba zolusa za shaki ndi mafunde okokera munthu pakuya. Anthu amathamangira ku tinyanja ta madzi abwino ta m'kati mwa chilumbacho.

Ku Lake McKenzie, yomwe eni nthaka, a mtundu wa Butchulla, amaitcha Boorangoora, kulibe mtsinje wolowa kapena wotuluka. Ndi madzi a mvula okhaokha, osungidwa ndi masamba owola amene anagwirana ndi mchenga pansi pake. Mchengawo ndi woyera ngati ufa, ndipo ukaima madzi akulekeza m'chifuwa umaonabe zala zakumapazi. Koma poti madziwo satuluka, chilichonse chimene munthu wadzola chimatsalira momwemo. N'chifukwa chake sopo amaletsa, ndipo amapempha kuti mafuta oteteza khungu ku dzuwa tisalowe nawo. Ine wokulira ku Senga Bay, kumene tinkachapa ndi kutsuka mbale pomwe tinkasambapo, ndinaseka, koma lamuloli ndi lanzeru ndithu.

Chakudya nachonso sichiloledwa m'mphepete mwa madzi chifukwa cha ma dingo, agalu am'tchire omwe analumapo ana. Amene mukubwera ndi ang'onoang'ono, musawataye dzanja.

Mayi wa ku Salima,
Brisbane, Australia